Mazda RX-8 yotchipa m'misewu ya ku Chifunde: mafunso ndi mayankho

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, ndalama n'kuyamba kulowa m'matumba ku Mualadzi, ku Nsadzu ndi m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Luia, mafoni sapuma. Movitel ikangogwira, anyamata ali pa BE FORWARD ndi SBT Japan, kusanthula galimoto za kaunjika. Pakati pa ma Vitz, ma Probox ndi ma Demio pamatulukira ina yogonera pansi, yamatayala otakata, mtengo wake nthawi zina wosatalikirana kwenikweni ndi wa tigalimoto tinato. Imeneyo ndi Mazda RX-8, ya injini ya rotary, yopanda mapisitoni. Munthu wa m'boma la Chifunde asanatumize ndalama ku Japan, ndi bwino atamva kaye mayankho a mafunso awa.

Injini yopanda mapisitoni? Ndiye imayenda bwanji?

M'injini ya Hilux, ya Vitz kapena ya njinga yamoto, pisitoni imakwera ndi kutsika mu silinda, ndipo kukwera ndi kutsikako n'kumene kumazunguza shafuti. Mu rotary mulibe chokwera, mulibe chotsika. Muli chitsulo cha makona atatu, chotukuka pang'ono m'mbali, chotchedwa rotor, chimene chimazungulira m'chipinda chooneka ngati khoko la mtedza wa njere ziwiri. Makona atatuwo amakhudza khoma la chipindacho nthawi zonse, choncho pakati pa rotor ndi khoma pamakhala timipata titatu. Rotor ikamayenda, kampata kalikonse kamakula n'kukoka mpweya ndi petulo, kamachepa n'kuzipanikiza, pulagi imayatsa, moto umakankha rotor, utsi n'kutulukira pa bowo la m'mbali. Pamene kampata kena kakukoka, kena kakuyaka, kena kakutulutsa utsi.

RX-8 ili ndi ma rotor awiri, iliyonse ya 654 cc, onse pamodzi 1,308 cc. Mulibe mavavu, mulibe camshaft, mulibe lamba wa tayimingi woti n'kuduka. Zigawo zikuluzikulu zoyenda ndi zitatu basi: ma rotor awiriwo ndi shafuti ya pakati, imene imazungulira katatu rotor ikazungulira kamodzi. Poti palibe chitsulo chimene chimaima n'kubwerera, injiniyi imafika mpaka 9,000 rpm osanjenjemera, ndipo ya magiya 6 a pamanja imene inatuluka ku Japan mu 2003 inalembedwa 250 PS, kuposa katatu mphamvu ya Vitz ya 1,000 cc.

Chofunika kusunga m'mutu ndi ichi. Pa kona iliyonse ya rotor pali kachitsulo kopyapyala, mamilimita awiri kunenepa kwake, kotchedwa apex seal. Ntchito yake ndi ya ma ring a pisitoni: kutseka mpweya kuti usathawire m'kampata koyandikana nako. Moyo wonse wa injiniyi uli pa tizitsulo tisanu ndi kamodzi timeneti, pamodzi ndi tinzake ta m'mbali mwa rotor.

Anaiyambitsa ndani, ndipo ngati ndi yabwino bwanji Toyota sanaitengere?

Nzeruyi ndi ya Felix Wankel wa ku Germany, amene anagwira ntchito ndi kampani ya NSU. Injini yoyamba inalira mu 1957. NSU inaiika mu Spider mu 1964 ndi mu Ro 80 mu 1967, koma ma apex seal ankatha msanga, kampani n'kumasinthira anthu injini mwaulere mpaka chuma chinagwedezeka, ndipo mu 1969 inagwa m'manja mwa Volkswagen n'kuphatikizidwa ndi Auto Union, kampani yopanga ma Audi. Makampani ena akuluakulu, monga General Motors ndi Mercedes-Benz, anayesa n'kuisiya, makamaka mafuta atakwera mtengo mu 1973.

Amene anakakamira ndi a Mazda a ku Hiroshima. Anagula chilolezo mu 1961, gulu la mainjiniya lotsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto linalimbana ndi vuto la ma seal, ndipo mu 1967 anatulutsa Cosmo Sport. Kenako kunabwera RX-7, kuyambira 1978 mpaka 2002. Mu 1991 galimoto yawo ya ma rotor anayi, 787B, inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, koyamba kuti kampani ya ku Japan ipambane kumeneko. RX-8 inapangidwa kuyambira 2003 mpaka June 2012, zonse pamodzi zosafika 200,000. Ku Europe inasiya kugulitsidwa mu 2010 chifukwa utsi wake unalephera malamulo atsopano. Utsi ndi ludzu la petulo ndizo zinathamangitsa makampani ena, ndipo ndizonso zinaipha RX-8.

Nanga n'chifukwa chiyani galimoto yokongola chonchi ikutchipa?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. RX-8 yatsopano kwambiri pa zonse inapangidwa mu 2012, ndipo zambiri zotchipazo ndi za pakati pa 2003 ndi 2007. Ku Japan galimoto imapimidwa zaka ziwiri zilizonse pa mtengo wowawa, ndipo ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakwera. Mwini wake akaona kuti injini yayamba kufooka, amawerengera: kukonza injini kumadya ndalama zofanana kapena zoposa mtengo wa galimoto yonse. Amaitaya ku okushoni. Kumeneko imagulidwa ndi otumiza kunja, amaitsuka, amaijambula bwinobwino, inu n'kuiona pa foni.

Sikuti zonse ndi zakufa. Koma msika wonse umadziwa kuti ma RX-8 oyambirira ankatha kompuresheni msanga kuposa injini wamba, moti ku America a Mazda anachita kutalikitsa chitsimikizo cha injini mpaka zaka 8 kapena mamailo 100,000. Mtengo wotsikawo ndi mtengo wa chikayiko. Thupi, mipando ndi matayala mukugula zenizeni, injiniyo mukuchita mwayi.

Ndingadziwe bwanji kuti injini ikadali ndi moyo?

Njira yeniyeni ndi imodzi: kuyeza kompuresheni ndi chida chake cha rotary. Geji wamba imene amakaniko athu amakulungira pa bowo la pulagi imangosunga nambala yaikulu, pamene rotor iliyonse ili ndi nkhope zitatu zofunika kuwerengedwa payokhapayokha. Pepala labwino limakhala ndi manambala asanu ndi imodzi, kuphatikizapo liwiro limene sitata inazunguza injini poyezapo, injiniyo ili yotentha. Buku la Mazda limati yathanzi ikhale pa 830 kPa pa 250 rpm, ndipo 680 kPa ndiye malire a pansi. Yotsikira pamenepo ikhoza kumayendabe, koma masiku ake ndi owerengeka. Pepala la okushoni la ku Japan limanena za zokala, mipando ndi makilomita, za kompuresheni silinena. Wogulitsa akakana kuyeza, yankho mwalandira kale.

Ngati galimoto ili kale ku Tete, ku Chipata kapena ku Lilongwe ndipo mungathe kuigwira ndi manja, pali mayeso osalira chida. Musakhutire ndi kulira kwa m'mawa, chifukwa rotary yofooka imalira bwino ikazizira. Iyendetseni mphindi makumi awiri mpaka singano ya kutentha ikhazikike pakati. Imani, zimitsani, chezani ndi wogulitsayo mphindi zisanu, kenako pindani kiyi. Yathanzi imagwira pompo, pa sekondi imodzi kapena ziwiri. Yodwala imangoti tche-tche-tche-tche, sitata kuvutika, wogulitsa n'kuyamba kunena za batire. Si batire ayi. Muonenso ngati ikukhazikika ikamalira payokha itatentha, kapena ikuzima mukaponda kilatchi pa mphambano. Chenjezo limodzi: za m'zaka zoyambirira zinali ndi sitata yofooka, ndipo ena amaikamo yamphamvu ya m'zaka zotsatira, imene imabisa matendawa kwa kanthawi.

Pakakhala posankha, tengani ya kuyambira 2008, imene anaikonza njira ya oyilo, ndipo ikhale ya giya ya pamanja. Za otomatiki za magiya 4 za m'zaka zoyambirira ndizo zimatchipitsitsa, ndizonso zofooka mphamvu, ndipo zambiri zinakhalira kuyenda pang'onopang'ono m'tauni, zimene injini iyi imadana nazo.

Akuti imadya oyilo ngati injini yakutha. Zoona?

Imadya, koma ndi mmene anaipangira. Ma apex seal amakhula khoma m'kati mwenimweni mmene moto ukuyaka, kumene oyilo wa mu sampu safikako. Choncho pali kapampu kamene kamatunga oyilo pang'onopang'ono n'kumamudontheza m'chipindamo, iye n'kupsera limodzi ndi petulo. Za 2003 mpaka 2007 zili ndi timabowo tiwiri todonthezera pa rotor iliyonse, za kuyambira 2008 zili ndi titatu, kachitatuko kolunjika pakati pa seal, pamene poyamba pankauma.

Tanthauzo lake kwa mwini galimoto n'loti oyilo amatsika ngakhale palibe pamene pakudontha. A Mazda amalangiza kuyang'ana oyilo pa ulendo wachiwiri uliwonse womwetsa petulo. Ntchitoyo ndi yotopetsa pang'ono: kuchotsa chivundikiro cha pulasitiki pamwamba pa injini, kupisa dzanja pansi pakati pa mapaipi otentha kuti mupeze kachitsulo koyezera, kenako kuthira ndi fanulo osatayira. Munthu wozolowera Corolla, amene amatsegula boneti pokhapokha nyale ikayaka, RX-8 simuchedwa kumuphunzitsa. M'buti musamasowe botolo la oyilo.

Za mtundu wa oyilo eni ake amakangana mpaka lero. Ku Europe buku linkanena 5W-30 wa mineral, ku America 5W-20, ndipo ambiri a m'mayiko otentha amakonda wolemererapo ngati 10W-40. Chimene ambiri amagwirizana ndi kusintha kawirikawiri, makilomita 5,000 asanakwane. Ambiri amathiranso oyilo wa two-stroke mu thanki, mamililita anayi kapena asanu pa lita ya petulo, kuti ma seal asaume. Izi si malangizo a Mazda, ndi nzeru za eni galimoto ndi okonza ma injiniwa, ndipo ine ndimaziona zanzeru pa injini yakale. Koma akhale oyilo wa dzina, wa botolo losatsegula, osati wopungulira m'botolo la Fanta pamsika.

Petulo imamwa bwanji?

Apa ndi pamene 1,308 cc imanamiza anthu. Chipinda choyakira moto n'chachitali ndi chopyapyala, kutentha kwambiri kumathawira m'makoma, ndipo petulo wina amatuluka asanapse. Pa msewu wautali mukayenda mofatsa muyembekezere makilomita 8 kapena 9 pa lita, m'tauni ndi m'misewu yokumbika 6 kapena 7. Vitz imayenda pafupifupi kawiri pamenepo. Thanki ndi ya malita 61 pa zoyambirira.

Tiyeni tiwerengere pa msewu wathu. N9, kuchokera ku Tete kudutsa ku Chiúta mpaka pa chipata cha Cassacatiza, ndi makilomita oposa 250. Kupita ndi kubwera ndi oposa 500, amene pa makilomita 8 pa lita akufuna malita oposa 60. Thanki yonse yatha, musanapatuke n'komwe kupita kumudzi. Ndipo kuno malo omwetsera mafuta ndi otalikirana. Midzi yambiri imadalira petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu, amene njinga zamoto zimamwa osadandaula. Wogulitsa akhoza kukhala wokhulupirika, koma chigubu chakhala padzuwa, mwalowa fumbi, mwina madzi, mwina wina anasakanizako parafini chisanafike kwa iye. Injini ya pisitoni ikamwa petulo wofooka imagogoda n'kupirira. Mu rotary kugogoda komweko kukhoza kuthyola apex seal, ndipo kachidutswa kake kamakala khoma lonse pothawa. RX-8 inapangidwira petulo wa octane yokwera, 95 kapena kuposa. Amene akufuna kukhala nayo ku Chifunde azimwetsa pa pampu, ndipo pa ulendo wautali azinyamula wake m'chigubu chachitsulo.

Ndamva zoti ukailiza n'kuizimitsa pompo siiliranso. Ndi nthabwala?

Si nthabwala. Injini ikazizira, kompyuta imathira petulo wambiri. Mukailiza m'mawa kuti mungoisuntha pa mthunzi wa mango kupita pakhomo, n'kuzimitsa pasanathe mphindi, petulo wosapsa uja amatsalira m'zipinda, amanyowetsa mapulagi, amatsukanso oyilo amene amathandiza ma seal kutseka. Mukadzapinda kiyi masana, sitata imangozungulira mopepuka, injini duu. Lamulo lake ndi losavuta: mukailiza, musaizimitse isanatenthe. Mwana wotsuka galimoto auzidwe, mlamu wobwereka auzidwe.

Zikachitika, pondani mafuta mpaka pansi ndi kugwira pomwepo. Mukatero kompyuta imadula petulo. Zunguzani sitata masekondi khumi, pumulani kuti isapse, bwerezani kangapo, kenako yesani mwendo mutachotsa. Ikagwira idzatulutsa utsi woyera wambiri woti anansi n'kutuluka m'nyumba. Isiyeni ilire mpaka itenthe. Ikakana, ntchito ndi ya jeke: kuchotsa tayala la kutsogolo la kumanzere, chifukwa mapulagi amafikirika bwino podzera mmenemo, kuwamasula, kuwaumitsa, kupukusa injini kuti petulo atuluke, n'kubwezera. Zonsezi zimafuna batire yamphamvu, ndipo batire imene yatopa ndi kutentha kwa kuno siifika patali.

Mapulagi ndi anayi, awiri pa rotor iliyonse, ndipo si ofanana. Wapansi amayatsa koyamba, wapamwamba amatsatira. A NGK ake ndi RE7C-L ndi RE9B-T, ndipo mukawasinthanitsa malo mwaputa mavuto. Pulagi aliyense ali ndi koyilo yake, ndipo makoyilowa amatha msanga, ambiri cha m'ma 50,000 km. Koyilo ikafooka, petulo amapita wosapsa mu ekizozi, amakapsera mu catalytic converter mpaka kuisungunula, iyo imatseka njira ya utsi, kutentha kumabwerera mu injini, ma seal n'kutha. Injini zambiri zimene anthu amati zinafa zokha zinaphedwa ndi koyilo ya mtengo wochepa. Mukangogula galimotoyi, sinthani makoyilo onse anayi, mawaya ndi mapulagi, musanapite nayo kukaonetsa kwa apongozi.

Misewu yathuyi ingaithe?

Pa phula la N9, inde, masana ndiponso maso ali pa msewu. Msewuwu ndi wa malole olemera ochokera ku Zambia kudzera pa chipata cha Chanida kupita ku doko la Beira ndi obwerera, ndipo kumene malole amadutsa tsiku ndi tsiku maenje sachedwa kubadwa. RX-8 inatalikira pansi masentimita 12 kapena 13 okha, pamene Hilux imapitirira 20. Matayala a zambiri ndi 225/45 R18, opyapyala m'mbali, oti dzenje limodzi lakuthwa limang'amba tayala ndi kupinda limu nthawi imodzi. Sipeya palibe: fakitale inangoikamo kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu. Tayala la saizi imeneyo simulipeza kwa okonza matayala a m'mbali mwa msewu, n'kofunika ku Tete kapena ku Lilongwe. Zilipo za malimu a 16, za matayala 225/55, ndipo kwa munthu wa kuno zimenezo ndiye zabwino ngakhale sizikongola mofanana.

Mukasiya phula nkhani imasintha. Misewu yafumbi yolowera m'midzi ndi m'minda ya fodya ili ndi mtumbira pakati, wosiyidwa ndi matayala a malole, mathirakitala ndi ngolo. Kuseri kwa bampa ya kutsogolo, m'munsi kwenikweni, kuli radiyeta ndi tiziziritso ta oyilo ta aluminiyamu. Mwala umodzi ukaboola pamenepo, oyilo amatha musanazindikire. Mvula ikayamba mu December mpaka March, galimoto yokoka ndi matayala a kumbuyo, yopepuka, yamimba yokhudza pansi, imatitimira pamene njinga yamoto ikudutsa ndi matumba awiri a feteleza. Miyezi imeneyo ndi yoimika.

Za liwiro, galimotoyi imapitirira 200 km/h, koma lamulo la Mozambique limalola 60 m'malo okhala anthu ndi 120 kunja kwake. Ngakhale 120 yomweyo ndi yambiri pa msewu wa mbuzi, ng'ombe, njinga za makala ndi ana a sukulu.

Nanga kutentha ndi fumbi?

Kumtunda kwa boma, cha ku malire a Zambia ndi Malawi, kumazizirirako. Koma ulendo uliwonse wa mapepala, masipeya kapena petulo wabwino umatsikira ku chigwa cha Zambezi, ndipo mzinda wa Tete mu October ndi November umapitirira madigiri 40. Injini ya rotary ndi mbale zisanu zosanjikizana, zitatu zachitsulo ndi ziwiri za aluminiyamu, zomangidwa ndi mabawuti aatali, pakati pake pali mphira zotseka madzi. Ikawira kamodzi kokha kwambiri, mbale zimapindika, mphira zimapsa, madzi amalowa m'chipinda cha moto. Pa Corolla mukanangosintha gasiketi. Apa injini yonse imatsika n'kuphwasulidwa. Singano ya kutentha ya RX-8 imachedwanso kusuntha, ikamadzakwera zinthu zafika kale poipa. Choncho radiyeta, mapaipi, mafani onse awiri ndi chivundikiro cha thanki ya madzi zikhale zatsopano kapena zotsimikizika, ndipo muzithira coolant weniweni, osati madzi a pa mjigo.

Fumbi limadya ma seal ngati msasa. Fyuluta ya mpweya iziyang'anidwa mwezi uliwonse m'chilimwe, ndipo zija zotsegula zimene anyamata amaika kuti galimoto izilira mokweza zisayandikire n'komwe.

Ikawonongeka, amakaniko athu angaikonze? Masipeya a Mazda si ali ponseponse?

Dzina la Mazda si lachilendo kuno. Ma 323 ndi ma pikapu a B-series ankamangidwa ku Willowvale ku Harare, Bongo ndi Demio zili paliponse. Koma za mu injini ya RX-8 palibe chimene chimalowana ndi zimenezo. Mabuleki, mabushi, mashoko, kilatchi, makaniko wabwino wa ku Tete kapena ku Katete akhoza kugwira, bola sipeya ipezeke. Injini ndi nkhani ina. Luso limene amakaniko athu amanyadira nalo, lobowola silinda n'kuikamo mapisitoni okulirapo, pano silithandiza, chifukwa khoma la chipinda cha rotor linakutidwa ndi chromium ndipo likakalika limangofunika lina. Kumanga injiniyi kumafuna zoyezera za timipata tochepa kwambiri, malo opanda fumbi, ndi munthu amene anamangapo kale zingapo.

Anthu otero m'chigawo chino cha Africa ali ku South Africa, kumene RX-8 inkagulitsidwa yatsopano ndipo rotary ili ndi okonda ake kuyambira nthawi ya RX-2 m'zaka za m'ma 1970. Kuchoka ku Tete kudzera ku Cuchamano, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500. Kutsitsa injini, kuipakira, kuilipirira pa zipata, kudikira, kuibweza: ndi miyezi, ndipo galimoto nthawi yonseyo ili pa njerwa, nkhuku zikuikira pansi pake. Njira ina ndi kuitanitsa injini yakale ku Japan, koma imeneyonso ndi mwayi womwe uja ngati ilibe pepala la kompuresheni. Tizinthu ting'onoting'ono monga makoyilo, mapulagi ndi masensa muzisunga m'nyumba zisanafunike. Achibale a ku Joni ndi madalaivala a malole ndiwo amakhala sitolo yanu. Kachida ka OBD2 kolumikiza ku foni n'kotchipa, ndipo kamaonetsa kutentha kwenikweni kwa madzi ndi chifukwa chimene nyale ya injini yayakira.

Makaniko amene angakuuzeni mosabisa kuti injini imeneyi sanaitsegulepo, musungeni. Woopsa ndi amene amati zonse ndi injini basi.

Bwanji ikafa ndingoikamo injini ya Toyota?

Zimachitika, ndipo ku South Africa ena amaikamo V8 ya Lexus. Koma si ntchito ya Loweruka limodzi. Rotary ndi yaing'ono, inakhala pansi ndi kumbuyo kwa ekiselo ya kutsogolo, ndipo injini ya pisitoni imafuna kudula ndi kuwotcherera kuti ikwane. Chiwongolero chamagetsi, mawotchi a pa dashibodi ndi ABS zonse zimalankhulana ndi kompyuta ya injini yoyambayo. Mukaichotsa, zimafunika wina wodziwa kuzinamiza. Nambala ya injini pa livrete, chikalata cha galimoto, iyeneranso kusinthidwa mwalamulo. Mukamadzamaliza, ndalama zake zikanagula Corolla yabwinobwino.

Za msonkho ndi mapepala?

Galimoto ikatsika ku Beira ili ndi makilomita pafupifupi 600 kuti ifike ku Tete, ndipo isanatuluke padoko a Autoridade Tributária amafuna msonkho wa kasitomu, ICE ndi IVA, imene ili pa 16 peresenti kuyambira 2023. Pitani kwa despachante, wothandiza kutulutsa katundu pa kasitomu, ndi chaka cha galimoto, mtengo wake ndi nambala ya chasisi, imene pa RX-8 imayamba ndi SE3P, akuwerengereni polemba musanalipire ku Japan. Mumufunse mwachindunji za kukula kwa injini kumene adzalembe, chifukwa mayiko ena sawerenga rotary pa nambala ya pa pepala: ku Japan komweko 1,308 cc amaichulukitsa ndi 1.5 pa msonkho. Zotsala ndi za galimoto ina iliyonse: kulembetsa ku INATRO, livrete, título de propriedade, inshuwalansi ndi inspecção. Padokopo ndi pamene ambiri amakumana ndi vuto la petulo wonyowetsa mapulagi koyamba, poti galimoto yakhala ikulizidwa ndi kuzimitsidwa kangapo pokweza ndi potsitsa m'sitima. Wokaitenga apite ndi batire yabwino ndi mapulagi atsopano.

Mwanena zoipa zokhazokha. Chokoma chake palibe?

Chilipo, ndipo n'chifukwa chake anthu anzeru zawo amaigulabe. Kulemera kwake kunagawika mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, moti pokhota imamvera dzanja mwa njira imene galimoto za mtengo umenewo sizifikapo. Injini m'munsi ndi yaulesi, pa 2,000 rpm Hilux ya dizilo imaisiya pa chitunda, koma ikadutsa 6,000 imatseguka n'kumakwera mosalala mpaka kabelu kalire kukuuzani kuti musinthe giya. Kukwezako ndi mankhwala akenso: eni ake amaonetsetsa kuti pa ulendo uliwonse, injini itatentha, aifikitse pamwamba kamodzi kapena kawiri kuti mwaye usamange m'kati, ndipo zimenezo zimatheka mu giya yachiwiri osaswa lamulo la liwiro. Ili ndi mipando inayi yokwana akuluakulu, zitseko za kumbuyo zotsegukira chakumbuyo, pakati popanda mzati. Injini yake, yotchedwa Renesis, inalandira mphoto ya International Engine of the Year mu 2003. A Mazda okha sanaitaye nzeruyi: mu 2023 anaibweza mu MX-30 R-EV, rotor imodzi ya 830 cc, koma ntchito yake tsopano ndi kupukusa jenereta yotchajira batire, osati matayala.

Ndiye ndigule kapena ndisagule?

Ngati ikhala galimoto yanu yokhayo, yotengera mayi kuchipatala usiku, yonyamula feteleza, yopita kumaliro kumudzi mu February, musagule. Ndalama zomwezo zipite ku Probox, ku Corolla, kapena muwonjezere mugule pikapu. Ngati muli kale ndi galimoto ya ntchito, nyumba yanu ili m'mbali mwa phula, mumatsikira ku Tete kawirikawiri, ndipo kugwira sipanala ndi kuwerenga buku la galimoto kumakusangalatsani, mukhoza kukhala nayo n'kukondwa nayo. Pa mtengo wogulira muwonjezepo msonkho, makoyilo, mapulagi, batire, radiyeta ndi tayala la sipeya pa limu yake, kenako muike padera ndalama zina zokwana kumanga injini, zimene simudzazikhudza ngakhale fodya atagwa mtengo. Ndalama zapaderazo zikasowa, ndiye kuti galimotoyo simunaikwanitse, ngakhale mtengo wa pa foni mukuutha.

Muganizirenso za tsiku logulitsa. Vitz mukaiika pamsika ku Tete, madobadoba amaithamangira tsiku lomwelo. RX-8 amabwera kudzaijambula, kufunsa ngati ndi ija ilibe mapisitoni, n'kumapita. Wogula weniweni amapezeka ku Lusaka, ku Lilongwe kapena ku Maputo, ndipo choyamba chimene adzafunse ndi pepala la kompuresheni ndi malisiti a oyilo. Muziwasunga kuyambira tsiku loyamba.